Ndinatsekera Kanati M'galimoto Yake

Ndiyambe ndi kunena kuti sindikulemba izi chifukwa ndasintha. Munthu wa msinkhu wangawu sasintha, amangotopa. Ndikulemba chifukwa anthu a mumsewu mwathu akuifotokoza nkhaniyi mokhota, ndipo ine chinthu chokhota chimandilasa m'maso, ngakhale chitakhala manyazi anga omwe.

1

Ndine kalipentala. Sukulu ndinalekera kalasi yachisanu, ndipo chimene ndinatolako ndi manambala basi. Zaka makumi atatu ndinagwira ntchito pakampani ina yokonza mipando ya mabasi. Itatsekedwa, ndinayamba kugwirira kunyumba, m'shedi ya malata imene ili kuseri kwa khitchini. Anthu amabwera ndi magalimoto awo. Wina akufuna bokosi la pakati pa mipando, wina mashelefu a kumbuyo, wina zitseko zang'ambika mkati. Ine ndimadula matabwa n'kumata siponji, mkazi wanga n'kusoka zophimba.

Anthu amanditcha a Ndiyezandekha. Ukabwera ndi miyezo yako papepala, ndimailandira mwaulemu n'kuyatsira moto. Sindikhulupirira tepi ya munthu wina. Kunena zoona, sindikhulupiriranso munthu mwini wakeyo.

Mwana tinali naye mmodzi, wamkazi. Ndinamuphunzitsa kugwira tepi asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Anachoka pakhomo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Nthawi imeneyo anali atayamba kuyenda ndi mnyamata wina amene ndinakana ngakhale kumuona nkhope. Kenako puleni ya malemu bambo anga, yopalira matabwa, ya chigwiriro chakuda, inasowa m'shedi. Sindinafunse kawiri. Ndinamutcha mbava pamaso pa amayi ake, ndinati wakagulitsa kuti akondweretse chibwenzi chake.

Sanalire. Analongedza zovala, n'kuima pakhomo.

"Ababa, m'nyumba muno ndidzalowanso tsiku limene mudzanene kuti munalakwa."

"Ndiye ukhale ndi nsapato zolimba," ndinamuyankha, "chifukwa uyenda."

Kuyambira tsiku limenelo mkazi wanga amandiphikira, amandichapira, ndikafunsa amayankha. Koma kuseka kwake kunapita limodzi ndi mwana. Ndinazolowera. Ndinkati bola alipo, chifukwa pa dziko lonse lapansi ndiye yekha amene ananditsalira.

2

Lachiwiri lina m'mawa panaima galimoto yoyera, yokhala ngati kabasi kakang'ono. Munatuluka bambo wa zaka za m'ma makumi anayi, wamtali, mano onse ali pamtunda. Pomwepo ndinamutcha Manokunja. Munthu wosekerera usanamuuze nthabwala amakhala kuti wakuyeza kale.

"Bambo, ndamva kuti pano ndiye pali manja."

"Manja alipo. Chimene chikusowa ndi anthu odziwa chimene akufuna."

Anaseka. Mkazi wanga anatuluka m'khitchini, ndipo atangomuona anagwetsa supuni. Anaitola, n'kuipukuta pa diresi lake nthawi yaitali ngati yagwera m'matope.

Manokunja anatsegula chitseko cha m'mbali. Ankafuna kuti ndichotse theka la mpando wa kumbuyo, m'malo mwake ndimange kampando kapadera ka mwana: kokhala ndi zotchingira m'nthiti, potsamira mutu, popondera mapazi, ndi kathebulo kopinda. Kutsogolo, pakati pa mipando iwiri, ankafuna bokosi loikamo mabotolo, matewera ndi mankhwala.

"Mwana wanga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma satha kukhala tsonga yekha," anatero. Apa ndiye mano analowa. "Tikamapita kuchipatala, wina amayenera kumufungatira njira yonse. Tsopano walemera."

Anandipatsa pepala. Muyezo uliwonse unali utalembedwa kawiri, wachiwiriwo atauduliza mzere pansi. Umu ndi mmene ndimalembera ine. Mumtima ndinati, amene anayeza apa anaphunzitsidwa ndi munthu wanzeru. Ndinaima pamenepo, ndikudzitamanda osadziwa, ngati galu wouwa chithunzi chake m'madzi.

"Mubwere naye mwanayo. Ndiyeza ndekha."

"Pakadali pano sizitheka, bambo."

"Chifukwa?"

"Amayi ake sanalole."

"Amayi akewo ali kuti?"

Munthu uja sanandiyang'ane ine. Anayang'ana mkazi wanga. "Ali patali pang'ono," anatero.

"Ingoyambani ntchito, bambo," mkazi wanga analowerera. "Pepalalo lili bwino."

Zaka makumi anayi ndi chimodzi tili pabanja, mayi ameneyu anali asanayikirepo pepala kumbuyo. Ndinalipinda n'kuika m'thumba. Pamodzi nalo ndinaikamo ndi nkhawa.

3

Ntchito yake inali yokoma, zimenezo sindingabise. Pansi popondera m'kati mwa galimoto sipakhala pofanana; pamakhala mizere, mabampu ndi timaenje. Ndiye umayamba ndi katoni. Umaidula pang'onopang'ono, kuyesa, kudulanso, mpaka itagona pansipo ngati inabadwira pomwepo. Ukatero ndiye umajambula pa pulayiwudi. Mabawuti ndinagwiritsa mabowo omwe aja a mpando wakale, chifukwa amenewo analimbitsidwa kale ndi opanga galimoto. Lamba wa pampando sindinamukhudze, ndinangomusiyira njira. Siponji ndinaika mitundu iwiri, yolimba pansi, yofewa pamwamba. Ngodya iliyonse ndinaipala mpaka tsaya langa litavomereza, pakuti ine ndimayesa kusalala ndi tsaya, osati chala.

Manokunja ankabweretsa galimoto m'mawa uliwonse, n'kudzaitenga madzulo. Ndipo m'nyumba mwanga zinthu zinayamba kusintha.

Choyamba, mkazi wanga anayamba kuimba. Makina osokera akulira, iye akuimba pamwamba pake. Chachiwiri, foni yake, imene kale inkagona pawindo ngati njerwa, inasamukira m'thumba la diresi. Ikalira, ankathamangira kuseri kwa thanki ya madzi. Chachitatu, nsalu.

"Tiphimbe ndi yakuda," ndinatero. "Sionetsa litsiro."

"Ayi. Yachikasu, ya timaluwa. Ndi imene amakonda."

"Ndani?"

"Mwanayo."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ana onse amakonda chikasu, bambo."

Lachisanu anavala diresi lake la kutchalitchi, n'kukwera kutsogolo kwa galimoto ija, eti akukasankha nsalu. Sitolo ya nsalu ili pafupi, munthu woyenda ndi ndodo atha kupita n'kubwerera tiyi asanazizire. Iwo anatha maola anayi. Anabwera maso ali ofiira, koma nkhope ikuwala ngati ya mtsikana.

"Nsaluyo mumachita kuluka nokha?"

"Panali mzere."

Ndinakhala m'shedi n'kuyamba kulumikiza nkhani ngati mmene ndimalumikizira matabwa. Bambo ali ndi mwana wodwala. Mkazi wake ali "patali pang'ono", kutanthauza kuti anathawa. Akufuna chiyani munthu wotere? Akufuna mayi wodekha, wodziwa kulera, wodziwa kusoka, amene mwamuna wake ndi nkhalamba yonunkha guluu. Zonse zinalowana bwinobwino popanda msomali. Ndinadziona wanzeru kwambiri moti ndinadzimvera chisoni kuti ndinalekera kalasi yachisanu.

Mwina mukuti, bwanji osangomufunsa? Kufunsa n'kupatsa munthu mpata wokunamiza. Imeneyo inali nzeru yanga ina.

4

Amisiri akale tili ndi kachilango kathu kamene sitilemba paliponse. Kasitomala akakhala wamwano, sukangana naye. Umangotenga kanati kamodzi, kachitsulo kamene kamamangidwa ku bawuti, n'kukaponya m'kati mwa khoma la chinthu chimene ukumupangira, kenako n'kutseka. Kabati ikagwedezeka, kamalira. M'galimoto ndiye kamaimba tsiku lonse. Mwini wake amamasula chilichonse, amasintha mashokabu, amatukwana amakaniko, koma sakapeza.

Bokosi la pakati lija ndinalipanga la makoma awiri, pakati pali mpata wolowa chala. Tsiku lomaliza, dzuwa lili paliwombo, mkazi wanga ali kuseri kwa thanki ndi foni yake, ndinamumva akuseka. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kumene ndinali ndisanakumve zaka zisanu ndi zinayi. Ndinasankha kanati konenepa bwino, ndinakapsompsona, n'kukaponyamo. Ndinathira guluu, kukhoma, kumata siponji, kukoka nsalu. Pamwamba pake panasalala ngati mwana wakhanda.

Pa kampando ka mwana sindinachite chinyengo chilichonse. Ndine woipa, koma kuipa kwanga kuli ndi miyezo.

Manokunja atabwera anazungulira galimoto kawiri. Anagwira kampando, kukagwedeza, osasuntha. Anapinda kathebulo n'kukatambasula. Kenako anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Bambo, simukudziwa chimene mwachita."

"Ndikudziwa bwino lomwe," ndinatero.

Potuluka pageti pali kadzenje. Galimoto italowamo ndinamva: go-go-go. Ndinadya bwino tsiku limenelo.

5

Ndinadikira dandaulo. Sabata inatha, zii. Yachiwiri, zii. Ndinayamba kukayika ngati kanatiko sikanamatidwe ndi guluu. Taonani moyo wanga: nkhalamba yathunthu kusowa mtendere chifukwa choipa chake sichikumveka.

Lolemba la sabata yachitatu, nditabwera kogula misomali, ndinapeza chikwama chachikulu pabedi. Munali madiresi atatu, bulangeti, sopo, ndi buku lake la nyimbo.

"Ulendo wa kuti?"

"Ndimafuna ndikuuzeni, bambo, koma mukhale pansi kaye. Ndichokapo masiku asanu."

"Ndi Manokunja?"

"Ndani?"

"Wa galimoto yoyera!"

"Inde, akubwera kudzanditenga. Koma mverani..."

Sindinamvere. Panja panamveka go-go-go, ndipo magazi anandithamangira kumutu. Mkazi wanga ananyamula chikwama, ine ndinatuluka patsogolo pake, nyundo ayi, ndinanyamula chimene chinali pafupi: siponji yaitali ngati munthu. Ndi chida chimenecho ndinakaima pakati pa msewu.

"Anthuni, tulukani mudzaone!" ndinakuwa. "Tulukani mudzaone mbava yoba masana! Ndamupangira mpando, iye akunditengera mkazi!"

Anthu sachedwa pa zoterezi. Mayi wogulitsa tomato anasiya benchi yake. Telala anatuluka tepi ili m'khosi. Wometa anabwera ndi kasitomala wake, mutu atameta mbali imodzi.

"A Ndiyezandekha, mwayeza bwino koma?" anafunsa telala.

"Kawiri!"

Manokunja anatsika, manja ali m'mwamba. "Bambo, chonde, tilowe m'nyumba tikambirane."

"Ine si bambo ako! Mayi ameneyu ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo ake amalira kuposa galimoto yakoyi. Ukamutani?"

"Mawondo angawo asiyeni," anatero mkazi wanga. Anthu anaseka. Iye anaponya chikwama m'galimoto kudzera pawindo.

Ndinathamangira chitseko cha m'mbali kuti ndikachitulutse. Ndinachikoka mwamphamvu, chinatseguka mpaka kumapeto.

Pa kampando kachikasu panali kamtsikana koonda, ka maso aakulu, malamba atakagwira bwino pachifuwa, mutu utapendekera kumanzere. Pambali pake panali mayi atagwira botolo la madzi. Anali atanenepako, tsitsi lili lalifupi. Koma chipumi chinali changa.

"Ababa," anatero mwana wanga, mawu ali pansipansi. "Munayamba ndi puleni. Lero mwafika pa amayi?"

Siponji ija inandipulumuka n'kugwera m'ngalande.

Wometa ndiye anayamba kuyankhula. "Tiyeni, akulu, tikamalize mutuwu. Apa pametedwa wina."

6

Anthu atabalalika, mkazi wanga anafotokoza mwachidule, ngati akuwerengera mwana wosamva. Manokunja ndi mkamwini wanga, mnyamata yemwe uja ndinakana kumuona. Kamtsikanako ndi mdzukulu wanga. Ankapita kuchipatala kukakonzedwa mitsempha ya miyendo, ndipo agogo ake aakazi ankakathandiza kudikirira. Amisiri awiri anali atayesa kupanga kampando, onse n'kulephera. Mwana wanga ndiye anati, pali munthu mmodzi yekha amene angathe, koma asadziwe kuti n'kwa ine, angakane. Miyezo ija anayeza ndi iyeyo.

Ine ndinasowa poika maso, ndiye ndinawaika pa ntchito.

"Mutu ukugwera kumanzere," ndinatero. "Potsamirapa pakufunika kukweza."

"Ndinayeza kawiri," anatero mwana wanga.

"Unayeza ali pabedi. M'galimoto thupi limatsika."

Anasuntha miyendo kuti ndidutse. Ndinatulutsa tepi.  Kamtsikana kaja kanandiyang'anitsitsa, n'kugwira tepi yanga ndi tizala take topindika. Kamayankhula movutikira, liwu limodzilimodzi.

"Agogo... galimoto... imaimba."

"Imatani?"

"Go-go-go," kanatero, n'kuseka mpaka malovu kutsika.

Ndinayang'ana mkamwini. Iye anayang'ana kumwamba. Mwana wanga ndiye anandiyang'ana m'maso.

"Kanati kali m'khoma la kumanja kwa bokosi, eti? Ndinakamva tsiku loyamba lomwe. Munandiuza nokha ndili ndi zaka khumi, za kabati ya mphunzitsi wamwano uja. Bambo ake a mwanayu amafuna kupita kwa makaniko, ine ndinati musavutike, amenewo ndi moni wochokera kwa apongozi anu. Ali moyo, ndipo sanasinthe."

Apa ndiye pali chimene sindinakuuzeni, ndipo ndachizengereza mpaka pano chifukwa cholembera chikulemera.

Puleni ija sinabedwe. Patatha mwezi umodzi mwana wanga atachoka, ndinakwera pa benchi kukatseka podontha padenga la shedi. Pamwamba pa mtanda ndinapeza kasaka, puleni ili m'katimo. Ndinali nditaibisa ndekha, poopa akuba, n'kuiwala. Ndinakhala pa benchipo mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako ndinaikulunganso, n'kuibwezera pomwepo. Ndinati ndinena mawa. Mawa limenelo linatha zaka zisanu ndi zinayi.

Ndinatsika m'galimoto. Ndinalowa m'shedi, kukwera pa benchi, kutsitsa kasaka. Ndinabwera nako pamsewu, n'kukatambasula pa kathebulo kopinda kaja.

"Sunabe," ndinatero. "Ndinaipeza kalekale. Ndinalakwa."

Mawu atatu omalizawo anatuluka ngati msomali wadzimbiri. Ndinayembekezera kulira, kapena kukuwa. Koma mwana wanga ankangoyang'ana puleniyo. Inali ikuwala, yopanda dzimbiri ngakhale kadontho. Nanenso ndinadabwa.

"Ndimaipaka mafuta Khirisimasi ikayandikira, chaka chilichonse," anatero mkazi wanga. "Mumaganiza kuti kangaude wa m'shedi muja amasesa ndani?"

"Mumadziwa?"

"Tonse awiri timadziwa. Ndinamuuza chaka chomwecho. Timangodikira kuti pakamwa panu patseguke."

"Zaka zonsezi osandiuza?"

"Mukanati ndaibweza ndine, nditagwirizana ndi mbava."

Ndinafuna kukana. Koma ndikudzidziwa.

7

Tsiku limenelo mwana wanga sanalowe m'nyumba. Anati nthawi ya kuchipatala yatha, ndipo mawu amene achedwa zaka zisanu ndi zinayi nawonso angadikire pang'ono. Ndinakweza potsamira mutu ndi siponji yopyapyala, mutu wa mdzukulu wanga unaima bwino. Kenako ndinatenga tchizulo kuti ndikanganule khoma la bokosi.

"Mukutani?" anafunsa mwana wanga.

"Ndichotse kanatiko."

"Kasiyeni. Mwanayu akalira m'njira, timalowa dala m'mabampu kuti aseke. Komanso ine kamandikumbutsa kuti ndisafulumire kukukhulupirirani."

Puleni anaikulunga n'kuiika pamiyendo pake. "Iyi ndatenga. Ndinaitchulidwira kale umbava, ndiye ndiibe zenizeni. Mukaifuna, muzibwera kudzabwereka. Muzigogoda."

Mkamwini wanga anatsegulira apongozi ake chitseko cha kutsogolo, mano onse ali panja. Ndinamuyang'anitsitsa. Ndi mano abwino ndithu.

Inu owerenga, sindikupatsani malangizo, chifukwa munthu amene anaopseza mkamwini wake ndi siponji sayenera kulangiza aliyense. Ndingonena chimene ndaona. Moyo wanga wonse ndinkayeza matabwa kawiri ndisanadule, koma anthu anga ndinkawadula ndisanayeze n'kamodzi komwe. Thabwa ukalidula molakwa umakagula lina. Mwana sagulitsidwa kusitolo.

Mdzukulu wanga akukula, ndipo kampando kamafunika kukulitsa miyezi ingapo iliyonse. Amabwera nako kuno, ndipo ndimayeza ndekha. Ulendo wapitawu mwana wanga anafika mpaka pakhonde, n'kulandira madzi akumwa ataimirira. Mkazi wanga akuti ndisamuthamangitse. Telala akandiona amafunsabe ngati ndayeza bwino, ndipo sindimuyankha, chifukwa ndikudziwa kuti iyeyo ndi amene akukhotetsa nkhaniyi.

Masiku ano ndimagwira ntchito chitseko cha shedi chili chotsegula, ngakhale kuli mphepo. Makutu anga anayamba kufooka, koma pali phokoso limodzi limene ndimalimva galimoto isanakhote n'komwe pakona. Ndikangomva go-go-go, ndimasiya chilichonse, n'kuthamangira kukatsegula geti.